Mbande Zogoneka Dala

Lachiwiri, 3 Seputembala

Mzime,

Ndikhulupirira uli bwino pamodzi ndi Amayi. Kuno tilipo, kungoti mlamu wako miyendo yatupa. Ndi woyembekezera, mwezi wachisanu ndi chitatu uno, koma kufakitale yosoka sanamupatsebe tchuthi. Ana awiriwa ali bwino, wamng'onoyo wayamba kukwera patebulo.

Ndalemba mothamanga kuti kalatayi ibwerere ndi lole ya mazira mawa. Dalaivala wake wandipeza m'sitolo ndikutsitsitsa matumba a simenti, n'kundipatsa uthenga wa Amayi. Akuti mbande zako za matimati, zonse mazana anayi, zili chigonere m'shedi, machubu atagwa chammbali, ndipo iwe ukungozidutsa ukuimba. Zoona zimenezi? Kodi ukudwala, kapena dimba lakutopetsa ndiye ukuchita manyazi kunena?

Ndikukumbutse zimene tinagwirizana, kuti mawa usadzati achimwene ndi ankhanza. Bambo atamwalira, pepala la dimba lija linalembedwa m'dzina langa. Banja lako litatha unandipempha chaka chimodzi, ine ndinavomera. Tinati dimba likabereka chaka chino uzilima ndiwe, koma likakanika ndilipereka kwa woumba mabuloko uja amagula simenti kwathu kuno, iwe ubwere udzatithandize ana. Munthuyo amandifunsa sabata iliyonse. Kachipinda kakuseri ndinapakamo kale penti, ndipo windo lake limatseka bwino.

Undiyankhe Lachisanu ndi lole yomweyi. Kulephera si mlandu, Mzime, aliyense amalephera.

Ndine,
Mlongo wako wamkulu

Lachinayi, 5 Seputembala

Achimwene,

Tadzuka bwino, zikomo. Amayi ali bwino kwambiri, moti pakamwa pawo pakumafika m'tauni lole isanalize injini. Mlamu mumuuze aziika miyendo pamtsamiro akaweruka, ndipo wokwera patebuloyo mumupsompsone m'malo mwanga.

Koma inu! Munthu wa zaka makumi atatu ndi chimodzi, mbande zigwe ine n'kumangoimba? Sizinagwe ayi. Ndinazigoneka ndine, ndi manja angawa, imodziimodzi, Lolemba m'mawa. Amayi ndinawafotokozera, iwo akuti chibadwire sanaonepo mbewu yogona. Khalani pansi ndikuuzeni, mwina inu mumva.

Mpope wa kudimba unachedwa kukonzedwa ndi masabata awiri, ndiye mbande zinakhalitsa m'machubu. Zatalika kufika m'chigongono changa koma n'zowonda ngati udzu. Zotere mukaziwokera choimirira, mphepo ya m'dimba muja imazithyola tsiku lomwelo. Njira yake ndi iyi: mumakumba ngalande yosazama, mumathothola masamba a m'munsi, tsinde lonse n'kuligoneka m'nthaka, nsonga yokha ndiyo itsale kunja. Tsinde lokwiriridwalo limatulutsa mizu ponseponse, ndipo mbewu yake sidandaula ngakhale dzuwa liswe mtengo. Vuto n'lakuti nsongayo iyenera kuloza kumwamba, ndipo mukaipinda ndi dzanja imathyoka. Ndiye ine ndimaisiya ipinde yokha. Mukagoneka mbande lero, pofika mawa yadzutsa kale mutu. Pakatha masiku atatu yapanga bondo lokhota bwinobwino, lolimba, longoyenera ngalande ija.

Ndikukudziwani inu a sukulu, muziti ikutsata dzuwa. Si dzuwa. Chaka chatha ndinagoneka zitatu m'bokosi la zitsulo la Bambo, ndinatseka, n'kufunditsa thumba pamwamba. M'mawa ndinapeza zonse zitatu zitadzutsa mitu mumdima wa ndiweyani, ndipo sizinaloze kuchitseko, zinaloza kumwamba. Mbande imadziwa kumene kuli pansi. Mphamvu imene imakoka mwala kuti ugwe nayonso imaimva, muzu umaitsata, tsinde limaithawa. Sindinalekere pomwepo. Ndinatenga cholembera n'kuika timadontho motalikirana mofanana, pamwamba ndi pansi pa tsinde logona. Tsiku lachiwiri timadontho ta pansi tinali titatalikirana, ta pamwamba tili pomwe ndinatisiya. Ndiye kuti mbali ya pansi ndi imene imakula msanga, n'kukankhira mutu m'mwamba. Palibe anandiphunzitsa zimenezi. Sukulu ndinasiyira panjira kuti inu mumalize, mukukumbuka.

Ngalande ndakumba kale mizere khumi. Loweruka ndikatenga manyowa kukhola la nkhuku, Lamlungu dzuwa likapendeka ndiyamba kuwokera. Ngati mtima wothandiza ukukuyabwani, nditumizireni chingwe cha nayiloni ndi kamutu kowazira madzi, keni yanga ikuthira ngati ndowa.

Woumba mabulokoyo mumuuze asatope n'kufunsa. Kachipinda kopaka pentiko muzisungamo njinga.

Mlongo wanu,
Mzime

Loweruka, 7 Seputembala
(kapepala kosiyidwa pansi pa keni, pakhomo pa shedi)

Mzime,

Kalata yanga sunayankhe, ndiye ndinakwera basi yoyamba kuti ndidzaone ndi maso anga. Ndafika iwe utapita kale kokatenga manyowa. Zimene ndapeza m'shedi muno zandimvetsa chisoni. Mbande zonse pansi, iliyonse yokhota ngati mbedza, ndipo palibe ngakhale imodzi imene unayesa kuidzutsa.

Sindinafune kungokudzudzula. Ndavula shati n'kugwira ntchito. Ndadula timitengo, Amayi ang'amba nsalu yawo yakale kukhala tizingwe, ndipo ndaimika machubu onse, mbande iliyonse ndaiwongola n'kuimangirira ku kamtengo kake. Zina zimalira pang'ono powongola, koma ndikhulupirira zipola. Zonse mazana anayi, Mzime, kuyambira m'mawa mpaka pano, osapuma n'komwe. Msana wanga ukudziwa.

Ndikuthamangira basi ya masana. Usandithokoze, ndi ntchito ya wamkulu imeneyi. Koma kunena zoona, mmene ndaonera, dimbali lakukanika.

Mlongo wako wamkulu

Lamlungu, 8 Seputembala

Achimwene,

Moni ndikupatsani chifukwa Amayi anatilera bwino, apo ayi ndikanayamba ndi mawu ena.

Ndafika dzulo madzulo pamwamba pa ngolo, thupi lonse likununkha nkhuku, ndikusangalala kuti mawa ndiwokera. Kutsegula shedi, mayo ine! Mbande zanga zili ndandanda, zomangidwa pakhosi ndi nsalu ya maluwa ya Amayi. Ndinakhala pansi pakhomo pomwepo. Sindinalire pamene mwamuna uja ananditulutsira katundu panja, koma dzulo ndalira, ndipo sindikuchita manyazi kukuuzani.

Mukuti zina zimalira pang'ono. Kulira kumeneko kunali kuthyoka, Achimwene. Munazithyola pabondo, pamene zinakhota zokha masiku asanu, pamene ine ndimapafuna. Lero m'mawa ndamasula tizingwe tanu tonse. Mazana awiri ndi makumi asanu ndi awiri kudza zitatu zafota kale, mitu ili lendelende. Zatsala zana limodzi ndi makumi awiri kudza zisanu ndi ziwiri, zimene mwina munazifika manja atatopa. Zimenezo ndazigonekanso, ndipo shedi ndakhoma ndi loko, kiyi ali m'khosi mwanga.

Musandinamize kuti kalata yanga simunalandire. Ndinaipereka kwa dalaivala Lachisanu m'mawa, m'manja mwake, masamba atatu, zonse nditafotokoza ngati ndikuuza mwana. Munawerenga, munaona kuti dimba libereka, ndiye munakwera basi yoyamba. Munasankhanso tsiku limene ndinakulemberani kuti ndichokapo. Mukadafuna wantchito waulere mukadangonena, osati kudzandiphera mbewu kenako n'kumati ndisakuthokozeni. Asa!

Ndipo ngati n'zoona kuti simunadziwe, bwanji simunadikire? Kukhola la nkhuku si kutali, mukadatuma mawu. Munaona zinthu mazana anayi zitagona mbali imodzi, m'mizere, chubu chilichonse chili ndi kamwala kochitchinjiriza kuti chisagubuduke, inu n'kuganiza kuti zagwa zokha? Mphepo yanji imaika timiyala? Safunsa anadya phula, koma apa phulalo mwadyetsa ine.

Amayi sakundiyang'ana m'maso. Angoti, "Mwana wanga anatopa, manja ake anatuluka matuza." Ndawayankha kuti bola akanatuluka matuza pa mbande yoyamba.

Chaka sichinathe. Munati chaka chimodzi, ndipo ine ndikuwerenga masiku.

Mzime

Lachitatu, 11 Seputembala

Mzime,

Moni kwa iwe ndi Amayi. Makalata ako awiri ndawalandira dzulo, onse pamodzi. Yoyamba ija dalaivala anaitsomeka kuseri kwa chotchingira dzuwa m'lole mwake n'kuiwala, wakaipeza dzulo itagwera pamiyendo pake. Ukhoza kumufunsa wekha, wapepesa mpaka kuvula chipewa. Ndikulumbira pa manda a Bambo kuti Loweruka ndinali ndisanaione.

Ndawerenga zonse, kawiri. Za timadontho zija sindinkazidziwa, ndipo timiyala ndinationa koma sindinaganize kanthu. Ndinalakwa. Koma nawenso, munthu ukamachita zinthu zachilendo umalemba chikwangwani pakhomo. Aliyense wolowa m'shedi muja akanachita zomwe ndinachita ine. Ndipo zonditchula wakupha mbewu dala sindinazikonde, ine amene ndinakunyamula kumsana uli wakhanda.

Tsopano pali nkhani yovuta, ndiyenera kukuuza mosazungulira. Loweruka lija madzulo ndinapita kwa woumba mabuloko, mtima uli ndi zimene ndinaona, ndipo ndinamuuza kuti dimba atenge. Tinasayinirana Lolemba pamaso pa abwana anga. Mchenga woyamba ufika pa 19. Sindingabweze mawu, munthuyo amagula kwa abwana anga, ndipo ndikamukhumudwitsa ntchito yanga ili pamoto, mlamu wako ali mmene alilimu. Madzi akatayika saoleka, Mzime. Ngakhale ukanawokera zotsalazo, mbande zana sizingatchedwe dimba lobereka, iwenso ukudziwa.

M'kalata muno ndaikamo tikiti ya basi ya Loweruka pa 21. Amayi aziwayang'anira azakhali, ndalankhula nawo kale. Kuno sudzavutika. Kuseri kwa nyumba kuli malo oika mabeseni atatu kapena anayi, ukhoza kudzalamo timatimati tako.

Chingwe cha nayiloni ndi kamutu ka keni ndapereka kwa dalaivala.

Mlongo wako wamkulu

Lachinayi, 12 Seputembala

Mlamu,

Ndine mkazi wa achimwene anu. Ndikulemba nthawi yopuma, pamakina osokera, ndiye mukhululuke zilembo zokhota. Iwo sakudziwa kuti ndalemba.

Zakuti anachita dala, chotsani mumtima. Loweruka lija anafika kuno akuseka, akundionetsa matuza ngati mendulo, akuti, "Ndamupulumutsira mbewu mlongo wanga." Lachiwiri atawerenga kalata yanu yoyamba anakhala pakhonde mpaka chakudya kuzizira. Kenako anafunsa mwana wamkuluyu ngati kusukulu anawaphunzitsa zakuti mbewu imadziwa kumene kuli pansi. Amuna anga ndi otero, kupepesa amayamba bwino koma amathera pokudzudzula.

Woyenera kumukwiyira ndi ine. Nkhani yoti mubwere kuno ndinaiyambitsa ndine, chaka chatha. Ndimadzuka kusanache, ndimaima pabasi ola lathunthu, ndimasoka makolala mpaka maso kuchita chidima, pobwera ndimapeza wamng'ono atamwaza ufa m'nyumba monse. Ndatopa, mlamu, sindikubisirani. Nditamva kuti mbande zagwa mtima wanga unakondwa, Mulungu andikhululukire. Ndipo Loweruka madzulo, amene anati pitani kwa woumba mabuloko lero lomwe musanasinthe maganizo, ndinenso.

Tsiku la ukwati wanga munandiphunzitsa kumanga duku kuti lisagwe, ndipo munandiseketsa pamene ndinali ndi mantha. Sindikufuna mudzalowe m'nyumba mwanga mukundiona ngati ndende. Komanso sindinganame kuti sindikukufunani. Zonse ziwiri n'zoona. Chimene mungasankhe, mundiuze ine mwachindunji.

Mlamu wanu

Lachiwiri, 17 Seputembala

Mzime,

Moni. Lole yabwera kawiri yopanda kalata yako. Ndafunsa dalaivala, akuti wakuona ukukankha wilibala kuchokera kudimba, thukuta lili kamukamu, ndipo sunamupatse moni. Ndikuganiza kuti ukusamutsa zida zako, ndipo wachita bwino. Khasu ndi keni usiye kwa Amayi, kuno kulibe malo.

Ndikudziwa kuti wakwiya, koma chibale ndi fupa, sichiola. Loweruka ndidzakhala ndili kudepoti kuyambira masana. Ana akonza nyimbo yokulandirira, ndiye usawachititse manyazi.

Mlongo wako wamkulu

Lachisanu m'mawa, 20 Seputembala

Achimwene,

Moni nonse, ana, mlamu ndi inu. Tili bwino, kupatula manja anga amene akulephera kugwira cholembera. Chingwe ndi kamutu ka keni ndinalandira, zikomo, zagwira ntchito kuposa mmene mumaganizira.

Ndavomera kuti simunachite dala. Dalaivala ndinamufunsa, ndipo pali winanso amene wandiuza za inu zimene simungathe kunena nokha. Mawu aja ndawabweza. Koma musaganize kuti zapepuka. Munthu wochita dala ukhoza kukangana naye. Inu munathyola mbewu zanga mwachikondi, munagulitsa thukuta langa mwachisoni, ndipo pa zonsezi simunandifunse ngakhale kamodzi.

Woumba mabuloko wafika dzulo ndi mchenga wake. Ndi munthu waulemu, anavula chipewa, ndipo ine sindinamutchingire njira chifukwa alibe mlandu. Lole yake inabwerera chammbuyo n'kukhuthula mchenga pa mizere yanga khumi ija. Ndinaima n'kuonerera mpaka mzere womaliza utakwiririka. Zinandipweteka, Achimwene. Dimba limenelo Bambo anandiphunzitsiramo kugwira khasu, ndipo lapita.

Koma wilibala imene dalaivala anaiona sinanyamule zida. Inanyamula manyowa aja a nkhuku, amene ndinali nditathira kale kudimba. Ndinawafukula m'ngalande zonse, maulendo makumi anayi ndi umodzi, chifukwa manyowawo ndi anga, sali pa pepala lanu. Ndipo pa pepala lanulo palibenso bwalo la kutsogolo kwa nyumba ya Amayi.

Ee, bwalo lomwe lija, limene Amayi akhala akusesa m'mawa uliwonse chikwatiwire. Nthaka yake inali yolimba ngati simenti ya m'sitolo mwanu. Khasu linkangodumpha, ndiye ndinabwereka piki. Tsiku loyamba Amayi anaima pakhomo akukuwa kuti, "Iwe, wapenga? Alendo azikhala pati?" Ndinati azikhala m'nyumba, mipando ilimo. Tsiku lachiwiri anthu odutsa mumsewu ankaima pampanda n'kumafunsa ngati tikukumba chimbudzi kutsogolo, ine ndinkangoti eya, chachikulu. Tsiku lachinayi, ndikuvutika kuwongola mzere ndekha, ndinangoona chingwe chakungika. Kutembenuka, Amayi agwira mbali inayo, atagwada pafumbi ndi maondo awo aja. Anangoti, "Nsalu yanga ndinang'amba pachabe. Koka kuno, mzere wako wakhota."

Tawokera zonse zana limodzi ndi makumi awiri kudza zisanu ndi ziwiri, kuyambira pa sitepe mpaka pageti. Amayi amathothola masamba a m'munsi, ine ndimagoneka tsinde m'ngalande n'kukwirira. Zitatu zafa. Zotsalazo mitu ili chilili, ndipo dzulo ndinafukula pang'ono pambali pa imodzi n'kupeza timizu toyera tatuluka kale m'tsinde monse. Madzi ndikutunga pampope womwe uja, woumba mabuloko wati nditunge mmene ndingafunire. Ndi mtunda ndithu ndi keni m'manja, koma miyendo ndili nayo.

Mudzati mbande zana si dimba. Mwina. Koma chigwirizano chathu munachithetsa nokha tsiku limene munasayina chaka chisanathe, ndiye palibenso chimene ndikuyenera kukuonetsani. Izi sindikulimira kuti inu muone. Azakhali muwauze asavutike, Amayi ali ndi wowayang'anira.

Mlamu, mbali iyi ndi yanu, achimwene akupatseni muwerenge nokha. Munati ndikuuzeni mwachindunji, ndiye ndikukuuzani: sindibwera kudzakhala. Sindinakukwiyireni, kutopa ndimakudziwa. Mwana akabadwa munditumizire mawu, ndidzabwera sabata imodzi, ndidzakuchapirani ndi kukuphikirani ngati azakhali a mwanayo, kenako ndidzabwerera. Za masiku enawo mukambirane ndi amuna anu. Munthu amene anamanga mbande mazana anayi tsiku limodzi osapuma sangalephere kumanga thewera.

Ana muwauze kuti nyimbo yawo asunge, ndidzaimva ndikadzabwera. Tikiti yanu ili m'envelopu momwemu, Achimwene, sindinaipinde n'komwe. Mawa musakandidikire kudepoti. Ndipo mukadzabwera kudzaona Amayi mudzalowere khomo la kuseri, kutsogolo kulibenso njira.

Mlongo wanu,
Mzime